Miphika ya atsibweni ku Joni

Amene sanakhaleko ku Joni amayesa chisanu cha kumeneko n'chimodzimodzi ndi cha kwathu ku Bembeke, chongoonjezerako pang'ono. Sichoncho. Kwathu kuzizira kumadza ndi nkhungu, nthawi zina ndi kamvula kowaza, ndipo mpweya umakhala ndi chinyontho. Johannesburg ili pamtunda wokwera mamita pafupifupi 1,750, ndipo kuyambira Meyi kufikira Seputembala mvula kumeneko ndi yosowa. Masana dzuwa limawala bwino, kumwamba kuli mbee, koma likangolowa kutentha konse kumathawa, moti m'bandakucha wa Juni ndi Julayi kapinga amayera ndi mame oundana. Chomera cha m'nthaka chimapirira chifukwa mizu yake yabisala pansi. Cha mumphika chilibe kobisala. Kuzizira kumachilowa mbali zonse, ndipo madzi ake ndi okhawo amene munthu wakumbukira kuthira.

Atsibweni anga, achimwene awo a mayi, anakhala ndi miphika yotereyi zaka zoposa 30 pa nyumba imodzi ku Parkview. Ndiwo anandiphunzitsa kudzutsa zitsamba zonunkhira chisanu chikatha, ndipo mwa ife amene tinawaona akugwira ntchitoyo ndatsala ndekha.

Anachoka kumudzi m'zaka za m'ma 1960 atangokwatira kumene, kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya kumigodi, monga ankachitira amuna ambiri a nthawi imeneyo. Pofika 1973 Amalawi a m'migodi ya ku South Africa anali oposa 100,000. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo atamaliza kontirakiti. Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito ya kumigodi, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira amuna anabwerera m'midzi miyandamiyanda, atasenza mabulangete, mawailesi ndi masutikesi. Mayi ankati akamva kuti ku Dedza kwatsika a ku Joni, ankasiya khasu n'kuthamangira kumsewu. Mlongo wawo sanatsike. Anatuluka m'kompaundi n'kulowa m'tauni, kumene mnzawo wina wa ku Nkhata Bay, amene anali khukhi, anawapezera ntchito ya m'munda wa maluwa. Masiku amenewo munthu wakuda wopezeka m'dera la azungu wopanda pasi ankagona m'chitokosi, ndipo malamulo a pasi anathetsedwa mu 1986. Choncho kwa zaka zoposa 10 dziko lonse la atsibweni linali mkati mwa mpanda umodzi: kachipinda kuseri kwa galaja, bwalo la kapinga, ndi khonde la kukhitchini pamene panali miphika.

Adona a nyumba ija ankakonda kuphikira zitsamba. Anali ndi mabuku a Margaret Roberts, mayi amene anatchukitsa zitsamba m'dziko lija, wa munda wotchuka ku De Wildt, amene ngakhale lavenda wina wobzalidwa kwambiri kumeneko amatchedwa dzina lake. Adona ankawerenga, atsibweni ankagwira dothi. Pakhondepo panali rosemary, thyme, sage ndi origanum, zimene kwawo ndi maiko ouma a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean. Panali mint ndi chives, zokonda chinyontho. Panali tarragon, lemon grass, ndi chimphika cha lemon verbena chimene ponyamula pankafunika amuna awiri. Zonsezi ndi zomera zokhala zaka zambiri. Basil amafa ndi chisanu choyamba ndipo palibe womulira, umangofesa wina. Zinazi zimagona, ndipo luso lonse lagona pa kusiyanitsa chimene chagona ndi chimene chapitadi.

Ntchito yodzutsa inkayamba kale mu Meyi, chisanu chisanafike. Atsibweni ankachotsa miphika yonse kumunsi kwa bwalo, pakuti mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka usiku n'kukadikha pamalo otsika. Ankaindandalika m'tsinde mwa khoma loyang'ana kumpoto, kumene dzuwa la nyengo imeneyo limadzera, kuti khomalo limwe kutentha masana n'kumabweza usiku. Usiku woti kumwamba kwayera ndipo mphepo yaleka, ankadzuka kukafunditsa lemon grass ndi verbena ziguduli. Kukachita mitambo ankagona mtima uli m'malo. Kuthirira kunali kwa m'mawa dzuwa litakwera, madzi pang'ono, osati madzulo ayi, kuopa kuti angagone mumphika n'kuundana pamodzi ndi mizu. Komabe ankanena kawirikawiri kuti zitsamba zambiri zimene anthu a ku Joni amati zafa ndi chisanu zimakhala zafa ndi ludzu. Munthu waona kuti kukuzizira, waleka kuthirira, pamene mphepo youma ikuyamwa mphika wadothi tsiku ndi tsiku.

Ine ndinawapeza mu 1995, nkhondo ya ku Mozambique itatha, mabasi atayamba kuyenda momasuka kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Ndinanyamula kalata ya mayi yowapempha kuti abwere kumudzi. Anaiwerenga ataima, anaipinda bwinobwino, n'kuilonga m'thumba la ovolosi. Kenaka anati, "Wadya, mphwanga? Ugone msanga, mawa tili ndi miphika." Unali mwezi wa Ogasiti, mwezi wa mphepo ndi fumbi, pamene munda uliwonse mumzindawo umaoneka wotheratu.

Chimene ndinayamba kuona ndi chala chawo chachikulu. Chikhadabo chake chinali chokhuthala, chong'aluka pakati chichokereni kumgodi, ndipo ndicho chinali chipangizo chawo choyamba. Ankakanda nacho khungwa la kanthambi, pang'ono chabe. Pansi pakaoneka pobiriwira ndi ponyowa, nthambi ili moyo. Pakaoneka pofiirira ndi pouma, ankatsikira m'munsi pang'ono n'kukandanso, mpaka kukafika pamene tsinde lalowa m'dothi. "Usafunse masamba," ankatero. "Masamba amathothoka ndi mantha. Funsa khungwa, likakana funsa muzu." Kanthambi kamoyo kamapindika m'manja, kakufa kamangothyoka. Mphika uliwonse ankaufunsa motero, n'kusunga mayankho m'mutu, koma lumo osaligwira.

Pa 1 Seputembala anthu a kumeneko amasangalala kuti chisanu chatha, ndipo manja amayabwa kufuna kudula. Atsibweni ankakumbutsa aliyense za pa 10 Seputembala 1981, tsiku limene chipale chofewa chinagwa mu Johannesburg n'kukuta misewu ndi madenga, mitengo ina itayamba kale maluwa. Ankati m'makomo mmene anafulumira kudulira, mphukira zanthete zimene kudulako kunaitana zinapsa zonse, pamene zitsamba zimene zinali zidakali ndi nthambi zake zouma pamwamba zinapulumuka, chifukwa zoumazo zinatchinjiriza maso a m'munsi. Kuchokera chaka chimenecho lumo lawo silinkatuluka Seputembala asanafike pakati. Adona, amene pa zinthu zina sankakanidwa, pa nkhani iyi anaphunzira kukhala chete.

Tsiku likakwana ankayamba ndi madzi. Dothi la mumphika likauma kwa miyezi limakhwinyata n'kusiya mpata m'mbali, ndipo ukathira ndi kheni madzi amangotsetsereka mumpatamo n'kutulukira pansi, pakati pali pouma gwa. Wothirira amachoka akuti wathirira. Iwo ankamiza mphika wonse m'bafa lakale lamalata, madzi n'kufika m'khosi mwa mphikawo, n'kudikira mpaka thovu litaleka kutuluka. Akauvuula ankaukhazika pa njerwa pamthunzi kuti ukhe.

Kenaka ankaupendeketsa, tsinde lili pakati pa zala, n'kuumenya pang'onopang'ono m'mbali kuti dothi lituluke lathunthu. Apa ndi pamene ankakhala chete nthawi yaitali. Chitsamba chikakhala zaka ziwiri kapena zitatu mumphika umodzi, mizu yake imazungulira m'mbali n'kupotana pansi ngati nkhata, dothi litatha, mwatsala mizu yokhayokha. Ankainunkhiza. Mizu yoyera, yolimba, ya fungo la dothi, imeneyo ili moyo. Yakuda, yoterera, ya fungo la chivundi, yaola ndi madzi, ndipo ankaidula mpaka pamene payera. Yopotana pansiyo ankaicheka ndi mpeni wakale wa buledi, osapyola gawo limodzi mwa magawo atatu a mizu yonse, n'kumasula yotsalayo ndi zala kuti iyang'ane kunja. Mphika ankaukwecha kuchotsa mchere woyera umene madzi a pampopi amasiya m'mbali, n'kuika phale pabowo la pansi.

Dothi silinali limodzi. Rosemary, thyme, sage, origanum ndi lavenda ankaziikira mchenga wa kumtsinje wochuluka ndi kompositi pang'ono. Ankati ukazinenepetsa ndi manyowa zimakupatsa masamba aakulu opanda fungo, ndipo adona adzakugwira m'poto wa nyama. Mint ndi chives ankazipatsa kompositi wakupsa, wakuda bii, amene ankapanga okha kuseri kwa galaja ndi masamba a mitengo ya mumsewu. Mphika waukulu wosatheka kupendeketsa ankangoupala dothi la pamwamba masentimita 5 n'kuikapo latsopano.

Chitsamba chilichonse chinali ndi khalidwe lake, ndipo iwo ankalidziwa. Mint amafa pakati n'kuthawira m'mbali mwa mphika, choncho ankataya pakati pakalepo n'kusankha timizu toyera toyenda m'mbali, n'kutigoneka m'dothi latsopano. Pakapita sabata zochepa mphika wabiriwira. Chives ankangomung'amba ndi manja m'timagulu, mphika umodzi n'kubala itatu. Tarragon amabisala yense pansi, mphika n'kuoneka wa dothi lokhalokha, ndipo ankazikamo kamtengo kuti wina asaukhuthule. Pa rosemary, lavenda ndi sage ndi pamene ankandigwira dzanja. Nthambi yakale ya zitsamba zimenezi ikakhala yopanda tsamba siphukanso kawirikawiri, choncho umadula pamwamba pa masamba amoyo, osatsikira pa mtengo wopanda kanthu. Ndipo podziwa kuti zimenezi zimakalamba n'kulimba, chaka chilichonse ankadula timphukira ta masentimita 10, kupulula masamba a m'munsi, n'kutizika mumchenga wonyowa m'zitini za jamu zobooka pansi. Rosemary amene ndinamupeza pakhondepo ankati ndi mdzukulutuvi wa amene anamupeza iwo pobwera.

Chomalizira kudzuka chinali lemon verbena. Chitsamba ichi chimayoyola masamba onse chisanu chikachikhudza, n'kutsala timitengo totuwa, ndipo chimatha kukhala choncho mpaka mkati mwa Okutobala, mitengo ya jakaranda itayamba kale kufiirira mumsewu, zinzake zonse zitabiriwira. Alendo a adona ankati akachiona pakhonde ankafunsa chifukwa chake chitsa chouma chikusungidwa pamalo oonekera. Atsibweni ankangoyankha kuti chidzuka. M'mawa uliwonse ankagwada n'kuyang'ana m'mfundo, kufunafuna timaso tobiriwira, ndipo tikaoneka ndi pamene ankadula, pamwamba pa timasoto. Masamba oyamba akatambasuka ankathyola limodzi, kulitikita m'manja, n'kuliika pamphuno nthawi yaitali. Ankati likuwakumbutsa chanzi cha m'njira ya kudambo kwathu. Nthawi imeneyo yokha ndi imene ankayamba okha nkhani za kumudzi, osafunsidwa. Kodi mtengo wa masuku wa kuseri kwa nyumba ya agogo ako ulipobe? Dimba la kumtsinje analitenga ndani? Uje anamwalira chaka chiti, bwanji sanandiuze? Ndikayankha ankagwedeza mutu, n'kutenga kheni.

Lamlungu masana tinkatsikira ku Zoo Lake, pafupi pomwepo. Malo amenewo anali otsegukira mitundu yonse ngakhale m'masiku a tsankho, chifukwa amene anapereka malowo ku mzinda anaika lamulo lotero. Kumeneko kunkakumana akuluakulu a minda ya maluwa a ku Parkview, Saxonwold, Greenside ndi Emmarentia, Achewa, Atonga, Ayao, Atumbuka, amuna a imvi ovala majekete otsitidwa bwino. Wopita kumudzi ankalandira makalata ndi ndalama za anzake. Mu Seputembala ndi Okutobala aliyense ankabwera ndi kaphukusi ka nyuzipepala yonyowa, mkati muli timphukira ta thyme kapena timizu ta mint. Wina tarragon wake akafa, sabata yotsatira anzake ankamubweretsera. Eni nyumba ambiri sankadziwa kuti zitsamba za m'makhonde mwawo zinkayenda m'matumba a majekete a Amalawi kuchokera mpanda uwu kupita mpanda uwo. Pa amuna onse aja sindidziwa mmodzi amene dzina lake linalembedwa m'buku lililonse la maluwa.

Pali china chimene sindingachibise. Kwathu atsibweni ndiwo eni mbumba. Ndiwo nkhoswe pa ukwati wa ana a alongo awo, ndiwo amakhala kutsogolo pa mlandu ndi pa maliro. Pa ukwati wanga nkhoswe tinachita kubwereka. Pamene anthu ankalanda malire a munda wa mayi, mayi anaima okha pabwalo la amfumu. Akazi a atsibweni anadikira mpaka akuluakulu anawamasula, n'kukakwatiwa kwina. Kumudzi dzina la atsibweni linali mtchona, ndipo ana a alongo anga sankawadziwa nkhope. Mlandu umenewu sindiwachotsera. Ndinapita ku Joni ndili ndi mkwiyo, ndipo mbali ina ya mkwiyowo ndikali nayo. Koma ndinakhala nawo, ndinaona. Nzeru yodziwa kuti ngodya iti ya bwalo imazizira kuposa ina, kuti mphika uti umachedwa kuuma, kuti verbena uyu amadzuka liti, siipezeka kwa munthu wongodutsa. Imafuna zaka pamalo amodzi, ndipo zaka zimenezo ndi zomwezo zimene mbumba inkazilira. Mu Seputembala ankati, "Ndipita ndikamaliza kusintha dothi." Mu Novembala ankati matalala a mvula yoyamba ayambe adutsa, pakuti amaboola masamba ndipo miphika imafuna woithawitsa. Mu Meyi chisanu chili pakhomo. Zifukwa zonsezi zinali zoona. Chimene sankanena n'chakuti munthu wochoka ali mnyamata sakhala ndi nkhope yobwerera ali nkhalamba, m'manja muli sutikesi imodzi. Tsiku lina ndinawafunsa mosazungulira, "Atsibweni, mukuopa chiyani?" Anati, "Kuno ndimadziwa chimene chili moyo. Kumudzi ndikafunsa ndani?"

Adona atamwalira, ana awo a kunja anagulitsa nyumba. Ogula anawaka njerwa pabwalo, anakweza mpanda, n'kulemba kampani yobwera kamodzi pa sabata ndi galimoto yodzaza makina odulira ndi oulutsira masamba. Atsibweni anapatsidwa mwezi umodzi ndi envulopu. Chimphika cha verbena chinali cholemera, sichikanakwera minibasi. Anatengako timphukira, pamodzi ndi rosemary ndi mint m'zitini, n'kubwera kudzakhala nane m'chipinda chimene ndinkachita lendi ku Alexandra. Anandandalika zitinizo pazenera, ndipo azimayi oyandikana nafe anayamba kubwera kudzapempha mint wa mu tiyi.

Pa 11 Meyi 2008 ziwawa zothamangitsa alendo zinayambira ku Alexandra komweko, ndipo pofika kumapeto kwa mweziwo anthu 62 anali ataphedwa m'dziko lonselo. Tinathawa usiku ndi zovala za m'thupi. Munthu amene anakhala m'dziko lija zaka zoposa 40, amene ankayankhula Chizulu ndi Chisutu kuposa ine Chingelezi, anagona pa simenti m'bwalo la polisi, kenaka m'tenti, m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Chifuwa chimene anachitenga ku fumbi la kumgodi chinali chitagona zaka zambiri, ndipo chisanu chimenecho chinachidzutsa. Titabwerera kukaona chipinda tinapeza mukukhala anthu ena, zitini zili pa dzala. Atsibweni anagwada pomwepo n'kukanda timitengo timene tinatsala, kamodzikamodzi, mpaka pansi. Anaimirira osanena kanthu.

Anamwalira chaka chomwecho, mvula isanayambe. Tinasonkherana Amalawi amene tinatsala, koma aliyense anali atabedwa, ndipo ndalama yonyamulira thupi kudutsa malire atatu sinakwane. Tinawaika ku Joni, m'manda a mizere yaitali, pa dothi lofiira, pamutu pali nambala. Kumudzi analira maliro opanda bokosi. Mayi anakhala pa mphasa masiku onse a maliro akufunsa ngati mlongo wawo anatchulako dzina lawo pomwalira. Ndinawauza zoona, kuti kalata yawo ya 1995 ndinaipeza m'thumba la mkati la jekete limene anathawa nalo.

Ine ndinabwerera mu 2015. Lero mdzukulu wanga ali ku Randburg, akugwira maganyu m'nyumba zosiyanasiyana, lero kuno mawa uko, ndipo palibe munda umene angautchule kuti wake. Zitsamba kumeneko tsopano amagula m'timiphika ta pulasitiki, chikafota amataya n'kugula china. Seputembala wapitayu ananditumizira chithunzi pa WhatsApp: chimphika chadothi, mkati muli timitengo totuwa. Anati, "Agogo, ichi n'chiyani? Bwana akuti ndikhuthule." Ndinachizindikira msanga. Ndinamuuza kuti akande khungwa, amize mphikawo m'madzi, apemphe bwanayo kuti adikire mpaka pakati pa Okutobala. Anayankha patapita masiku. "Agogo, panali pobiriwiradi. Koma kuno amalipira pa tsiku, ndipo anali atagula kale china ku nazale. Ndinataya."

Ndamutumizira nambala ya manda ija kuti akaone ngati chizindikiro chidakalipo, tiyambe kuganiza za chiliza. Akuti Lamlungu nalonso amagwira ntchito, koma ayesa mu Disembala.